Ndodo Ikhale M'manja mwa Mlimi: Lipoti la Ntchito Yokopa Akatswiri a Madera Ouma Kufufuza Limodzi ndi Eni Minda

Lipoti lino likufotokoza ntchito imene ndakhala ndikuyendetsa kuno ku Johannesburg kuyambira pakati pa chaka cha 2023 kufikira nthawi yokolola ya 2024. Cholinga chake chinali kukopa akatswiri a sayansi amene amafufuza za nthaka, mbewu ndi msipu m'madera ouma kuti ayambe kuchita kafukufuku wawo pamodzi ndi alimi, ndipo chida chimene tinali nacho chinali maphunziro ndi zolemba zoikidwa pa intaneti. Ine ndinaphunzira ulangizi wa zaulimi kwathu ku Malawi, ndipo ndinagwirapo ntchito zaka zingapo m'chigwa cha Shire ndisanabwere kuno kudzapitiriza maphunziro. Nditafika ndinapeza anzanga olankhula Chichewa ndi Chinyanja, ena a ku Malawi, ena a kum'mawa kwa Zambia, wina wa m'chigawo cha Tete ku Mozambique, onse ophunzira kapena ofufuza za ulimi ndi chilengedwe, ndipo tinazolowera kukumana Loweruka m'kachipinda kobwereka ku Braamfontein. Ntchito yonse imene ndikulongosola pano inabadwira m'kachipindamo, popanda ofesi, galimoto kapena thumba lalikulu la ndalama.

Vuto limene tinkafuna kuthana nalo

Madera ouma amene ndikunena ndi aja amene mvula ya pa chaka imachepa poyerekeza ndi madzi amene dzuwa ndi mphepo zingathe kuumitsa, ndipo akatswiri amaika malire pamene mvulayo sifika magawo 65 pa 100 aliwonse a madzi amenewo. Madera otere atenga pafupifupi magawo 40 pa 100 aliwonse a mtunda wonse wa dziko lapansi, ndipo mumakhala anthu oposa 2 biliyoni. Kuno ku South Africa gawo lalikulu la dziko ndi louma, kuyambira ku Karoo ndi Northern Cape mpaka kumpoto kwa Limpopo. Kwathu tikatchula kuuma, maganizo amathamangira ku Chikwawa ndi Nsanje, ku Balaka ndi kumunsi kwa Neno, kumene milambe ndi mitengo ya tsanya imachitira yokha umboni kuti mvula ya kumeneko njosadalirika.

Mfundo yakuti anthu okhala m'madera amenewa azitenga nawo mbali si yachilendo. Pangano la United Nations lolimbana ndi kufalikira kwa chipululu, lotchedwa UNCCD, limene linavomerezedwa ku Paris pa 17 Juni 1994 n'kuyamba kugwira ntchito mu Disembala 1996, limanena momveka bwino kuti eni dera, makamaka amayi ndi achinyamata, azikhalapo pokonza ndi poyendetsa ntchito. Mu 2002 msonkhano waukulu wa atsogoleri a dziko lonse wokambirana za chitukuko chokhazikika unachitikira mumzinda uno, ku Sandton, ndipo unatchulanso panganoli ngati chimodzi mwa zida zolimbanirana ndi umphawi. Pa pepala, choncho, nkhaniyi inatha kalekale.

Koma amene anayendapo ndi gulu la ofufuza amadziwa mmene ulendo wa kumudzi umakhalira kawirikawiri. Galimoto imafika dzuwa litakwera kale, mlangizi amakhala atasonkhanitsa anthu pansi pa mtengo kuyambira m'mawa, mapepala a mafunso amatuluka m'chikwama, mlimi amayankha zimene wafunsidwa, ndipo dzuwa lisanapendeke galimoto imatembenuka. Ngati pali munda woyeserera, mlimi amabwereketsa malo ndi thukuta lake, koma funso lofufuzidwa, miyezo yoweruzira kuti mbewu iyi yaposa iyo, ngakhalenso zotsatira zake, zonse zimakhala za mlendo. Inenso ndinayendetsapo maulendo otere ndili mlangizi, ndipo ndinkaona ngati zonse zili bwino, mpaka pamene ndinazindikira kuti mbewu zina zimene tinaziyamikira m'malipoti athu sizinabzalidwenso chaka chotsatira m'minda yomweyo. Alimi sanatitsutse, pakuti mlendo satsutsidwa pabwalo, anangozisiya mwakachetechete. M'madera a mvula yambiri kulakwitsa kotere kumabisika, chifukwa mbewu iliyonse imaperekako kenakake. Kumadera ouma kulibe pobisala, popeza mvula imatha kugwa tsidya lino la mtsinje tsidya linalo kuli gwaa, ndipo zimene zapezeka pa siteshoni ya kafukufuku, pamene pali mpanda, feteleza ndi antchito olembedwa, sizinena zambiri za munda wa mayi wamasiye wa ku Bangula.

Kuyesa koyamba

Poyamba tinaganiza kuti chikusowa ndi chidziwitso, choncho tinasonkhanitsa zabwino zonse zimene tinkazidziwa n'kuziika pa tsamba limodzi la pa intaneti. Panali malangizo a njira zofufuzira limodzi ndi anthu akumudzi zimene zinafala kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'ma 1990, zimene dzina la Robert Chambers wa ku Institute of Development Studies ku Sussex limamveka nazo kwambiri: kujambula mapu a mudzi pansi, kuyenda ndi eni malo kuchokera kumtunda mpaka kudambo, kulemba kalendala ya nyengo, ndi kuyerekeza mbewu poika miyala kapena njere. Panali mbiri ya sukulu za alimi za m'munda, zimene bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, la FAO, linayambitsa ku Indonesia mu 1989 pakati pa alimi a mpunga. Tinalozanso ku nkhokwe ya WOCAT, imene inayamba mu 1992 ndipo imasunga njira zosamalira nthaka ndi madzi za m'mayiko ambiri, ku mavidiyo a Access Agriculture amene ena ali m'Chichewa, ndiponso ku njira ya PICSA ya ku yunivesite ya Reading, imene imathandiza alimi kuona okha mbiri ya mvula ya dera lawo asanasankhe chobzala. Tinatumiza uthenga kwa anzathu a m'masiteshoni a kafukufuku ndi m'sukulu za ukachenjede, ndipo tinadikira.

Patapita miyezi itatu zinaonekeratu kuti sitinaphule kanthu. Chaka cha 2023 chinali cha kuzimazima kwa magetsi kuno ku South Africa, moti misonkhano yathu ya pa intaneti inkadukira panjira, ndipo anzathu a ku Malawi ankadandaula kuti chikalata chimodzi chachikulu kapena vidiyo ya theka la ola inkawathera bandulo. Zimenezi zinali zoona, koma ine sindikhulupirira kuti ndizo zinafooketsa ntchitoyo, chifukwa anthu omwewo ankapeza njira yotsitsira zolemba zina zimene ankazifunadi. Cholakwika chinali chakuti tsamba lathu linkalalikira kwa otembenuka kale. Linkabwereza kuti mlimi ndi wanzeru ndipo tiyenera kudzichepetsa, koma silinkakhudza nkhawa imene katswiri amagona nayo.

Nkhawayo anandiuza mosabisa ndi bambo ena achikulire, katswiri wopanga mitundu yatsopano ya mbewu, amene ndinawaimbira foni kuwafunsa chifukwa chake sanayankhe uthenga wathu. Anati: “Achimwene, ine sindikana kuti alimi amadziwa zambiri, inenso ndinakulira pa khasu. Koma tandiuzani, miyala imene amayi aja aunjika pansi ndikailowetsa bwanji m'tebulo la lipoti langa? Amene amaunika ntchito yanga akandifunsa kuti ndinabwereza kangati, ndikayankha chiyani?” Funso limeneli silinali lachipongwe. Katswiri amakwezedwa pa ntchito chifukwa cha zimene wasindikiza m'magazini a sayansi, ndipo magaziniwo amafuna manambala amene wina angathe kuwaunika. Tikanapitiriza kuyankha ndi ulaliki, tikanakhala tikumuuza kuti asankhe pakati pa alimi ndi ntchito imene imadyetsa ana ake, chikhalirecho kusankha kotereko n'kosafunika n'komwe.

Mmene tinasinthira

Yankho loyamba linali kwathu komwe. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 katswiri wa nthaka Sieglinde Snapp, akugwira ntchito ku Malawi ndi bungwe la ICRISAT, lofufuza za mbewu za madera ouma, limene ofesi yake ili ku Chitedze pafupi ndi Lilongwe, anakonza njira yodziwika kuti munda wa mayi ndi minda ya ana. Munda wa mayi umakhala umodzi pamudzi, umakhala ndi zonse zimene zikuyesedwa, zobwerezedwa kangapo monga sayansi imafunira, ndipo katswiri amauyang'anira. Minda ya ana imakhala yambiri, yomwazika kwa alimi, aliyense atatengako mitundu yochepa chabe n'kuisamalira mmene amasamalira munda wake wonse, pambali pa mbewu imene anaizolowera kuti pakhale poyerekezera. Katswiri amapeza manambala ake kumunda wa mayi, koma minda ya ana ndi imene imamuonetsa mmene mbewuyo imachitira pa nthaka zosiyanasiyana, popanda mpanda, ikapaliridwa mochedwa chifukwa mwini munda anapita kuganyu. Zinandimvetsa chisoni kupeza kuti anzathu ena a ku Malawi anaimva njira imeneyi m'kalasi koma sanaigwiritsepo ntchito, pamene inakulira m'minda ya kwawo ndipo lero ikuthandiza m'mayiko ambiri.

Yankho lina linali njira yatsopanoko yotchedwa tricot. Mlimi aliyense amalandira timapaketi titatu ta mbewu tolembedwa A, B ndi C, topanda mayina, kuti mbiri ya dzina isamukope. Mnzake amalandira titatu tosiyanako, ndipo kagawidwe kake kamakonzedwa kotero kuti mtundu uliwonse ukumane ndi inzake m'minda yambiri. Mlimi safunsidwa kuyeza makilogalamu; amangonena, pa khalidwe lililonse, kuti mwa mitundu itatuyo waposa ndi uti ndipo watsalira ndi uti. Mayankho a alimi ambiri akaphatikizidwa, masamu amatha kusanja mitundu yonse kuyambira woyamba mpaka womaliza, ndipo pulogalamu ya pa intaneti ya ClimMob inapangidwira ntchito imeneyi. Mayankhowo angatoleredwe pa foni ndi mapulogalamu monga ODK kapena KoboToolbox, amene amagwira ntchito ngakhale kulibe netiweki n'kudzatumiza zonse munthu akafika pamene ikugwira. Apa tinali ndi chowauza bambo aja: maganizo a mlimi amalowa m'tebulo, ndipo amabwerezedwa kambiri kuposa mmene siteshoni imodzi ingathere.

Tinagwetsanso tsamba lathu n'kulimanga mwatsopano. M'malo mwa mulu wa zikalata tinakonza maphunziro asanu ndi limodzi aafupi, lililonse lili ndi mawu ojambulidwa osapitirira mphindi zisanu ndi chikalata cha masamba awiri chopepuka kutsitsa, ndipo zonse tinkazitumizanso pa gulu la WhatsApp kuti wopanda kompyuta asatsalire. Chachikulu koposa chinali lamulo limodzi limene tinagwirizana: phunziro lililonse linkatha ndi kantchito kamodzi kokachita kumunda, ndipo munthu sankalandira phunziro lotsatira asanabwere kudzafotokozera anzake zimene zinachitika, kaya zinayenda kaya zinakanika. Ena anatuluka chifukwa cha lamuloli ndipo tinatsala ochepa, koma otsalawo anayamba kuphunzitsana okha. Ndaona kuti katswiri samvera kwenikweni mlangizi ngati ine. Amatchera khutu kwa katswiri mnzake amene akunena kuti anayesa ndipo anapeza chimene sakanachipeza pa siteshoni.

Phunziro limene linakambidwa kwambiri linali la Yacouba Sawadogo wa ku Burkina Faso, mlimi amene anakulitsa maenje akale obzalamo otchedwa zaï n'kumathiramo manyowa m'chilimwe mpaka malo ouma anasanduka nkhalango, ndiponso la alimi a ku Niger amene, mothandizana ndi katswiri wa zaulimi wa ku Australia Tony Rinaudo kuyambira m'zaka za m'ma 1980, anayamba kusamalira mphukira za zitsa m'minda mwawo m'malo mozidula. Sawadogo ndi Rinaudo analandira mphoto ya Right Livelihood mu 2018. Tinafunsa anzathu funso limodzi lokha: mukanafika m'munda wa Sawadogo m'zaka zake zoyamba muli ndi pepala lanu la mafunso, kodi pepalalo likanakhala ndi malo olembapo zimene iye ankachita?

Thandizo la Amalawi a ku Joni

Mbali ina ya ntchitoyi sikanatheka kwina koma kuno. Mu Johannesburg muli Amalawi ambiri ogwira ntchito zosamalira maluwa ndi kapinga, zaulonda, zomanga ndi zam'nyumba, ndipo ambiri mwa iwo anali alimi asanakwere basi. Tinapempha atsogoleri a mpingo wina ku Rosettenville kuti atilole kucheza ndi anthu mapemphero akatha, ndipo tinawawerengera mafunso amene tinakonzera alimi akumudzi kuti atiuze ngati akumveka.

Funso lina linkati: mwa mbewu zitatuzi, yopirira chilala ndi iti? Ife tinkaliona ngati losavuta. Bambo ena a ku Balaka, amene tsopano amasamalira kapinga ku Randburg, anakhala kaye chete chipewa chili pa bondo, kenako anafunsa mofatsa kuti: “Pepani aphunzitsi, chilala chake chiti? Mvula ikachedwa kuyamba ndi vuto lina. Ng'amba ya mu Januwale, chimanga chikumasula, ndi vuto lina. Mvula ikathawa maso a chimanga asanakhwime, ndi linanso. Mbewu yopirira koyambako si imene imapirira kumapetoko.” Funsolo tinaligawa patatu tsiku lomwelo.

Chimene chinatidabwitsa kwambiri chinachokera kwa mayi ena a ku Nsanje, amene amagwira ntchito yam'nyumba kumpoto kwa mzindawu. Anatiuza kuti mbewu imene imabzalidwa m'munda wa amayi awo amasankha ndi iwowo, chifukwa ndalama yogulira amatumiza ndi iwo, ndipo kawirikawiri amatchula pa foni dzina la mbewu imene amva kuti njabwino. Ambiri anavomereza ndi mitu. Aliyense amene anaonapo mabasi a ku Blantyre ndi Lilongwe akupakira katundu m'dera la Park Station amadziwa kuti mudzi ndi Joni n'zolumikizana, koma panalibe mmodzi wa ife, ndi maphunziro athu onse, amene anaganizapo kuti wosankha mbewu angakhale pa mtunda wa makilomita oposa 1,000 kuchokera pamundapo. Kuyambira pamenepo pepala lathu limayamba ndi funso lakuti pakhomo pano amasankha chobzala ndani, ndipo ali kuti. Ngati wosankhayo ali kunja, zotsatira za kafukufuku ziyenera kumufikanso, apo ayi tikhala tikukambirana ndi wolima n'kusiya wogula.

Nkhani ya mapira a ku Chikwawa

Chitsanzo chimene ndikufuna kufotokoza mwatsatanetsatane ndi cha mnzathu wina wachitsikana amene amafufuza za mapira m'boma la Chikwawa. Pepala lake loyamba linali ndi miyezo itatu imene aliyense wophunzira za mbewu amaidziwa: kuchuluka kwa zokolola, masiku ofika pokhwima ndi kutalika kwa phesi. Kantchito ka phunziro lachitatu kanamupempha kuti asiye pepalalo m'chikwama, akhale pansi ndi amayi paokha ndi abambo paokha, ndipo awafunse kuti iwo akamati mapira awa ndi abwino amayang'ana chiyani. Anachita zimenezi mu Novembala 2023, mvula yobzalira isanagwe. Abambo anatchula zokolola ndi mtengo wake pamsika. Amayi anatchula zinthu zimene sizinali pa pepala lake: kuvuta kwake posinja, kukoma kwa nsima yake, ngati thobwa lake limatuluka bwino, ngati anankafumbwe amawalowa msanga, ndiponso mbalame.

Nyengo imene inatsatira inali yowawa. Kusokonekera kwa nyengo kotchedwa El Niño kunabweretsa ng'amba yaitali kumayambiriro kwa 2024, ndipo mu Malichi chaka chomwecho Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko la Malawi ali pa ngozi. Minda ina ya ana inauma osabereka kanthu. Tinaimitsa tintchito tonse ta kumunda kwa milungu ingapo, chifukwa si chilungamo kukhazika anthu anjala padzuwa maola atatu kuti aike miyala pansi pofuna kuti lipoti la wina lithe pa nthawi yake. Ena ankaopa kuti matebulo awo adzakhala ndi mipata, ndipo inakhaladi, koma ine ndinaima nganganga pa mfundoyi ndipo ndikanachitanso chimodzimodzi lero.

Mu Juni, zokolola zochepazo zitalowa m'nyumba, mnzathuyo anabwerera kwa amayi aja kuti aweruze mitundu yonse potsata miyezo yawo. Zimene zinachitika tinazimva Loweruka lina lozizira kwambiri, monga Johannesburg imakhalira mwezi umenewo, titaunjikana mozungulira laputopu imodzi titavala majekete, hita yaing'ono ikuyaka pakona. Anatitumizira chithunzi ndi mawu ojambulidwa, eni ake atavomereza. Pachithunzipo panali mabokosi ojambulidwa pansi ndi phulusa. Chakumtunda anaikako ngala za mapira, mtundu uliwonse pamzere wake, ndipo cham'mbali anaikako zizindikiro za miyezo: nthenga kuimira mbalame, chikho kuimira thobwa, phesi kuimira mpanda, ndi mbale yopanda kanthu kuimira njala. Ndodo yolozera inali m'manja mwa agogo ena aakazi, ndipo mnzathuyo ankaoneka chapambali atakhala pa mphasa, kope lili pa miyendo.

Agogowo ankalankhula Chimang'anja chosakaniza ndi Chisena, ndipo mnzathu wa ku Tete ankatimasulira pamene tinkasochera. Anafika pa mtundu umene ofufuza ankaukonda chifukwa ndi waufupi, woyera ndiponso wocha msanga. Pa nthenga anaupatsa mwala umodzi wokha. Anati mapirawo anacha okha minda ya anzawo idakali yobiriwira, choncho mbalame za dera lonse zinatsikira pamunda pawo, ndipo popeza adzukulu amakhala ali kusukulu, iwo okha sakanatha kuima m'munda kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo akumenya chitini. Anadandaulanso kuti mapesi ake ndi aafupi moti sungamangire mpanda. Koma atafika pa mbale yopanda kanthu anaunjikapo miyala yambiri kuposa mtundu wina uliwonse, n'kunena kuti: “Mwananga, mbalame zinadya ndithu, koma zimene zinasiya ndi zimene tinadya ife nthawi imene m'nyumba munalibe kanthu.”

Kenako ananena chimene chinasintha kafukufuku yense. Anati vuto si mbewuyo, koma kubzala wekha. Onse ofuna mtundu umenewu atabzala m'minda yoyandikana masiku amodzi, mbalame zikhoza kugawikana, ndipo anthu akhoza kusinthana polondera, lero banja ili mawa banja ilo. M'kachipinda muja tonse tinangoti zii. Limenelo ndi funso la sayansi lokwanira bwino, lotheka kuliyesa ndi kuliyeza, ndipo silikanachokera ku siteshoni. Poyang'ana sikelo yokha, mtunduwo ukanaoneka wopambana kumunda wa mayi, kumene kuli mlonda wolipidwa, ndi wolephera m'minda ya ana, ndipo n'kutheka kuti lipoti likanati alimi sanatsate malangizo. Ziganizo zotere ndinaziwerengapo zambiri, ndipo tsopano ndikakumana nacho chimodzi ndimafuna kudziwa chimene wolembayo sanafunse.

Bambo achikulire aja anali nafe pa intaneti tsiku limenelo. Sananene zambiri, anangopempha kuti awatumizire mndandanda wa miyezo ya amayi aja. Sindinganene kuti anasinthiratu maganizo, ndipo mpaka lero amakayikira njira zina monga mapu a pansi, zimene amati zimadya nthawi. Koma anaika minda ya ana m'ndondomeko yawo ya nyengo yotsatira, ndipo anawonjezera muyezo wa kuonongeka ndi mbalame. Kwa munthu amene wagwira ntchito m'njira imodzi moyo wake wonse, ine ndikuona kuti si chinthu chaching'ono.

Zimene zinavuta ndi zimene zikadali zovuta

Cholakwa chachikulu chimene ndinachita ine mwini chinali cha zithunzi. Kumayambiriro mnzathu wina anatumiza pa gulu chithunzi cha banja lina litaima pafupi ndi nkhokwe yopanda kanthu, ndipo ine ndinachiika pa tsamba lathu ngati chitsanzo osafunsa ngati eni ake anavomera. Wachibale wawo amene ali kuno anachiona, ndipo anandiimbira foni ali wokhumudwa kwambiri chifukwa umphawi wa kwawo unayalidwa pabwalo. Ndinachichotsa tsiku lomwelo, ndipo ndinapepesa kwa iye ndi kwa banjalo. Lamulo la kuno la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu Julayi 2021, limaletsa kufalitsa mwachisawawa zokhudza munthu, koma ngakhale popanda lamulo ulemu wokha unayenera kundiletsa. Tsopano phunziro loyamba lenileni ndi la kupempha chilolezo m'chilankhulo cha mwini wake, momufotokozera kuti chimene chalowa pa intaneti angachione mwana wake ali ku Joni, ndipo pa tsamba loonedwa ndi aliyense sitiikanso nkhope kapena dzina la mudzi.

Vuto lina n'lakuti njira zimenezi zikhoza kusanduka mwambo chabe. Tinalandira zithunzi zokongola za anthu atazungulira miyala, koma ukayang'anitsitsa ndodo ili m'manja mwa katswiri kapena mwa anyakwawa, amayi ali kumbuyo akuyamwitsa. Robert Chambers amadziwika ndi langizo lakuti wofufuza azipereka ndodo kwa eni mudzi, ndipo ife tinalisandutsa funso loyamba pa chithunzi chilichonse: ndodo ili ndi yani? Nkhani ya mafumu njofunika kuisamala, pakuti sungalowe m'mudzi osadzera kwa mwini mudzi, ndipo mawu awo ali ndi phindu. Tinapeza kuti n'kwabwino kuyamba kucheza nawo paokha, mwaulemu wonse, kenako n'kupempha kuti alole magulu akambirane mwa okha.

Mafoni amakono ambiri kumudzi ali m'manja mwa abambo ndi anyamata, choncho kafukufuku wodalira foni yokha akhoza kutseka pakamwa anthu amene amalima kwambiri mapira, nandolo ndi khobwe. Nkhani ya alawansi nayo sitinaithetse. Anthu anazolowera kuti msonkhano wa pulojekiti umabwera ndi kenakake, ndipo sindiwaweruza, popeza tsiku limene akhala nafe ndi tsiku la ganyu limene lawapita. Koma ndalama ikalowa, mayankho amayamba kutsata zimene woperekayo akufuna kumva. Pakali pano timalimbikitsa kufupikitsa misonkhano, kuichita nthawi imene eni ake asankha, ndi kuonetsetsa kuti mbewu ndi zokolola za m'minda ya ana zikhale za mlimi.

Ndiyeneranso kunena mosapita m'mbali kuti intaneti sinaphunzitse aliyense kukhala pa mphasa ndi kumvetsera. Chimene inachita n'kulumikiza anthu amene anali okhaokha m'masiteshoni akutali, kuwapatsa chida chimodzi panthawi imene akuchifuna, ndi kuwapatsa anzawo owafunsa kuti zinayenda bwanji. Amene analibe mpata wopita kumunda, chifukwa owayang'anira sanawapatse galimoto kapena masiku, anamvera maphunziro onse koma kafufuzidwe kawo sikanasinthe. Pachifukwa chimenechi tikukonza phunziro lina lalifupi lopita kwa akuluakulu a masiteshoni ndi oyang'anira ophunzira, losonyeza kuchuluka kwa masiku ndi maulendo amene minda ya ana imafuna, kuti aziyilowetsa m'bajeti kuyambira pachiyambi.

Ntchito imene ili m'manja mwathu tsopano ndi yobweza zotsatira kwa eni ake. Mnzathu wa ku Chikwawa wajambula mawu a mphindi zinayi ofotokoza zimene minda yonse yaonetsa, mnzathu wa ku Tete akuwamasulira m'Chisena, ndipo adzamvedwa pabwalo lomwe lija komanso kutumizidwa kwa achibale a kuno amene amagula mbewu. Mabanja angapo avomera kubzala mapira ocha msanga aja m'minda yoyandikana, pamene ena adzabzala patalipatali monga kale kuti pakhale poyerekezera, ndipo agogo aja ndi amene apemphedwa kusankha malo ndi kunena tsiku lobzala mvula ikadzagwa.